Lamulo la mitu 8: kodi munthu woteroyo alipo?

Tiyamike: Abale a pagulu pano ndithandizeni. Buku lililonse lophunzitsa kujambula munthu likuti msinkhu wa munthu wamkulu ndi mitu yake 8, ndipo onse akuloza chithunzi chija cha Leonardo da Vinci, cha bambo wotambasula manja ndi miyendo m'kati mwa mzere wozungulira. Ndikatsata lamulolo chithunzi chimatuluka chokongola, koma si munthu amene anandikhalira uja. Ndikajambula zimene maso akuona amafanana ndithu, koma mutu umaoneka waukulu. Akunama ndani, buku kapena maso anga?

Mada wa ku Joni: Buku. Nkhani yatha, tikagone kkkk

Aphunzitsi Mbewe: Isathe msanga chotero a Mada. Mwanawe Tiyamike, maso ako ali bwino. Bukulo langobisa kumene lamuloli linachokera. Miyezoyo analemba ndi Vitruvius, mmisiri wa zomangamanga wa ku Roma wa m'nthawi ya mfumu Augustus, ndipo sankaphunzitsa kujambula ayi, ankanena za kamangidwe ka akachisi. Ankati kachisi akhale ndi zigawo zogwirizana monga zilili pa thupi la munthu woumbidwa bwino. Ndiye anapereka manambala. Nkhope, kuyambira pachibwano kufika pamene tsitsi layambira, ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a msinkhu wonse. Mutu, limodzi mwa 8. Phazi, limodzi mwa 6. Munthu akagona chagada n'kutambasula manja ndi miyendo, uzungulize mzere kuchokera pamchombo, ukhudza nsonga za zala ndi zakumapazi. Sankanena za aliyense wokumana naye panjira. Anthu ambiri ukawayeza amathera pa mitu 7 ndi theka.

Chimene mabuku anuwo sakuuzani n'chakuti Leonardo, pojambula chithunzicho cha m'ma 1490 ali ku Milan, sanamumvere Vitruvius pa zonse. Phazi analichepetsa kukhala limodzi mwa 7. Ndipo yang'anitsitsa, bokosi lija la mbali zinayi ndi mzere wozungulirawo alibe pakati pamodzi. Pakati pa mzerewo ndi pamchombo, koma pakati pa bokosilo ndi pansi pa chinena. Anazisiyanitsa dala poona kuti thupi likukana. Wina dzina lake Cesare Cesariano, mu 1521, anakakamiza kuti zonse ziwiri zikumane pamchombo, mapeto ake munthu wake anatuluka ndi zimanja ndi zimapazi zoopsa.

Mayi Nachisale: Ine zojambulazi ndimangoonerera, ntchito yanga ndi ya utelala. Koma tepi ndimaigwira tsiku lililonse ndiye ndiyankhulepo. Anthu awiri ofanana msinkhu, wina thunthu lalitali miyendo yaifupi, mnzake chiuno chili m'mwamba. Mapewa sindinapezepo olingana, limodzi limatsikako nthawi zonse, ndipo ukapanda kuliona jekete imakoka mbali imodzi. Komabe pateni ndili nayo. Sindiyamba kudula nsalu popanda pateni, ndimangoisuntha apa ndi apo malinga ndi mwini chovala. Ndiye mitu 8 yanuyo mwina ndi pateni chabe, mwana wanga. Palibe amavala pateni.

Tiyamike: Amayi mwandimasula. Koma ndiye n'chifukwa chiyani anthu anzeru choncho ankalimbana ndi munthu amene kulibe?

Chifundo K.: Aphunzitsi ayankhe za filosofizo, ine ndinene za mpeni, poti ndi kumene ndikuphunzira. Chimene chimandisangalatsa kwa Leonardo n'chakuti atayamba kutumbula mitembo, za bokosi ndi mzere zija zinayamba kuchepa m'mapepala ake. M'nyengo yozizira ya 1507 kulowa 1508, ali m'chipatala cha Santa Maria Nuova ku Florence, anacheza ndi nkhalamba ina imene inamuuza kuti yapitirira zaka 100 ndipo sikumva kupweteka paliponse kupatula kufooka. Patangopita maola ochepa inamwalira ili chikhalire pabedi, osabuula n'komwe. Leonardo anautsegula mtembowo kuti aone chimene chabweretsa imfa yofatsa chotero. Anapeza mitsempha ya magazi yokhuthala khungu, yothina m'kati, yokhotakhota, ndi chiwindi chouma. Nthawi yomweyo anatsegulanso mtembo wa mwana wa zaka ziwiri n'kupeza mitsempha yowongoka, yofewa. Madokotala a lero akawerenga zimene analembazo amazindikira matenda otseka mitsempha. Ameneyo si munthu wofuna thupi langwiro, ndi munthu wofuna kudziwa kuti thupi ili, la nkhalamba iyi, latani.

Kenako anagwira ntchito ndi Marcantonio della Torre, mphunzitsi wachinyamata wa za thupi ku Pavia, mu 1510 ndi 1511. Zojambula za phewa za nthawi imeneyo muzione. Amalitembenuza pang'onopang'ono papepala limodzi, kutsogolo, cham'mbali, kumbuyo, kenako minofu n'kuijambula ngati zingwe kuti uone kumene iliyonse ikukokera. Della Torre anamwalira ndi mliri mu 1511 ndipo buku limene ankafuna kutulutsa linathera pomwepo. Mapepalawo lero ali ku Windsor Castle ku England, ndipo anakhala zaka pafupifupi 400 asanasindikizidwe bwinobwino.

Mada wa ku Joni: Adokotala, musamukweze kwambiri. Ndinamva kuti mwana wa m'mimba uja anajambula anamuika m'chiberekero cha ng'ombe.

Chifundo K.: Sindinafike pa udokotala achimwene kkkk. Koma mwalasa pang'ono. Mwanayo ndi wa munthu, wodzipinda, nkhope wabisa m'maondo, kamchombo kakudutsa pansi pa miyendo. Nsengwa ndi imene anatengera kwa ng'ombe, ija ya timagulumagulu, pamene ya munthu imakhala imodzi yophwatalala. Mitembo ya amayi oyembekezera inali yosowa, ndiye pamene sanaone anadzazapo ndi zimene anaona kwa nyama. Ngakhale mitima yambiri imene anajambula atakalamba ndi ya ng'ombe. Koma pomwepo anaumba msempha waukulu wa mtima ndi galasi, n'kumapopamo madzi osakaniza njere za udzu kuti aone mmene magazi amazungulirira potseka chitseko cha mtima. Ine ndimamukhululukira ng'ombe ija.

Bambo Zimba: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine zikundivuta ziwiri. Kudula mitembo ya anthu pofuna kukongoletsa chithunzi, ndi kudzaza nyumba ya Mulungu ndi anthu ambulanda. Paja mpingo unkaletsa zimenezi, si choncho? Ankachita mozemba usiku?

Aphunzitsi Mbewe: A Zimba, zakuti mpingo unkaletsa kutumbula mitembo zimanenedwa kwambiri koma sizili choncho. Ku Bologna, Mondino de Luzzi ankatsegula mitembo pamaso pa ophunzira ndipo analemba buku lake mu 1316. Chimene Papa Boniface VIII analetsa mu 1299 ndi mwambo wowiritsa mitembo ya olemera ofera kutali kuti mafupa okha abwerere kwawo. Michelangelo, wosema ndi wojambula wa ku Italy uja, ali mnyamata wa zaka 17 kapena 18, mitembo ankaipeza kwa mkulu wa ansembe wa ku Santo Spirito ku Florence, amene anamupatsa ndi chipinda chomwe. Pothokoza anamusemera mtanda wamtengo wa Yesu wopachikidwa. Zozemba zinalipo, Vesalius, dokotala wophunzitsa za thupi la munthu, mwini wake anafotokoza mmene anabera mafupa a munthu wonyongedwa kunja kwa mzinda wa Louvain, koma vuto linali kusowa kwa mitembo, osati chiletso cha Papa.

Pa zamalisechezo muli ndi anzanu ambiri a nthawi imeneyo. Chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza chimene Michelangelo anamaliza mu 1541 pakhoma la Sistine Chapel, tchalitchi cha Papa ku Roma, chinautsa mapiri pachigwa. Msonkhano wa akuluakulu a mpingo wa ku Trent utatha mu 1563 analamula kuti aphimbe, ndipo Michelangelo atamwalira mu 1564, mnzake Daniele da Volterra ndi amene anapatsidwa ntchito yopenta tinsalu pamalo ponseponse. Mpaka lero amakumbukiridwa ngati wovalika anthu makabudula, chikhalirecho anali katswiri payekha.

Mada wa ku Joni: Funso la a Zimba lisathawidwe. Mitemboyo inali ya ndani? Osati ya a Medici, banja lolemera lolamulira Florence lija.

Chifundo K.: Ayi ndithu. Onyongedwa, alendo, ndi amphawi ofera m'chipatala opanda owatenga. Ku Padua woweruza milandu wina, Marcantonio Contarini, ankamupatsa Vesalius mitembo ya ophedwa pa milandu. Buku lalikulu la Vesalius la 1543, losindikizidwa ku Basel iye ali ndi zaka 28, linaima pa anthu amenewo. Ndi mmene anagwirira zolakwa za Galen, dokotala wakale wachigiriki, amene kwa zaka zoposa 1,300 ndi ochepa okha ankamutsutsa, pamene Galenyo ankatumbula anyani, nkhumba ndi ng'ombe. Nsagwada yapansi ya munthu ndi fupa limodzi, osati awiri. Fupa la pachifuwa lili ndi zigawo zitatu, osati 7. Koma onani chodabwitsa: anthu osendedwa khungu a m'bukumo aima monyadira pamapiri okongola, ndipo matumbo anawajambula m'kati mwa thunthu lodulidwa manja ndi miyendo ngati ziboliboli zakale za Agiriki. Mtembo wa wakuba, kaimidwe ka mulungu.

Mada wa ku Joni: Ndi pamene ndimafuna. Ascanio Condivi, amene analemba mbiri ya Michelangelo mu 1553 mwini wake ali moyo, akuti dokotala Realdo Colombo anawatumizira mtembo wa mnyamata wa chi Moor, wokongola thupi kwambiri, ndipo Michelangelo anamuphunzitsira Condivi pa mtembowo. Dzina la mnyamatayo silinalembedwe. Thupi lake linali labwino kuphunzirirapo, koma kayang'aneni padenga la Sistine Chapel muone ngati Adamu wa Michelangelo akufanana naye. Ndiye mukamati munthu wangwiro, ine ndimafunsa kuti wangwiro wa ndani. Mapeto ake m'zaka za m'ma 1700 Petrus Camper wa ku Holland akuyeza kupendekeka kwa nkhope, pamwamba chiboliboli cha Agiriki, kenako mzungu, munthu wakuda kumunsi kufupi ndi nyani. Njira yake ndi yomweyi ya Vitruvius. Inu mukuphunzitsa ana athu kuyeza agogo awo ndi ndodo imeneyo.

Aphunzitsi Mbewe: Za Camper sindikutsutsani, zinapweteka anthu ndipo amene anabwera pambuyo pake anazipititsa poipa kuposa iye. Koma papita zaka zoposa 250 kuchokera pa chithunzi cha Leonardo kufika pamenepo, musawamange mtolo umodzi. Ndikupatseni munthu wa nthawi yomweyo amene anayenda njira ina. Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anali wokonda miyezo kuposa onse. Adamu ndi Hava ake a 1504 anawapanga ndi rula ndi kampasi, Adamu n'kumuimika ngati chiboliboli cha Apollo, mulungu wa Agiriki. Ankakhulupirira kuti Ataliyana ali ndi chinsinsi cha manambala chimene akumubisira. Ndiye anayamba kuyeza anthu amoyo, ochuluka, kwa zaka zambiri. Buku lake la miyezo ya thupi linatuluka mu 1528, iye atangomwalira kumene. Mulibemo munthu mmodzi. Muli wonenepa wa mitu 7, wa 8, wa 9, woonda wa mitu 10, amuna ndi akazi, ndi kamwana komwe, kuphatikizapo njira zosinthira miyezoyo kuti utalikitse kapena kufupikitsa. M'zolemba zake anavomera kuti sadziwa kuti kukongola n'chiyani. Munthu amene anayeza kwambiri ndi amene anasiya kukhulupirira muyezo umodzi.

Ndipo mu 1521 ali ku Antwerp anajambula mtsikana wa ku Africa dzina lake Katharina, wa zaka 20, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya nthumwi ya zamalonda ya ku Portugal. Dzina ndi zaka analemba pachithunzipo. Maso wagwetsa pansi, kumutu wamanga nsalu, pakhosi kolala yotseka. Sanamuongole mphuno, sanamuchepetse milomo, komanso sanamuchite chipongwe. Chili ku Uffizi, nyumba yosungira zithunzi ya ku Florence. Tiyamike uchifufuze pa intaneti, uone mmene mizere yopyapyala ikuzungulira tsaya.

Mada wa ku Joni: Wantchito kapena kapolo, aphunzitsi? Maso ogwetsawo ine ndimawawerenga mwina.

Aphunzitsi Mbewe: Mungathe kulondola. Ine ndimanena za dzanja la wojambula, kuti linamvera nkhope imene inali patsogolo pake.

Tiyamike: Ndachiona, eee koma chokhudza. Tsono poti tafika pa akazi, chifukwa chiyani akazi a Michelangelo amaoneka ngati amuna onyamula zitsulo? Uja wa padenga wotembenuka atanyamula chibuku, msana wake ine ndimachita nawo mantha.

Chifundo K.: Chifukwa ndi mwamuna achemwali kkkk. Ameneyo ndi Libyan Sibyl, mneneri wamkazi wakale. Pepala limene anayeserapo lilipo, lili ku Metropolitan Museum ku New York, la choko chofiira. Wakhalapo ndi mnyamata, mwina wantchito wake. Minofu ya paphewa anaiika timizere tozungulira ngati zizindikiro, ndipo chala chachikulu chakuphazi lamanzere anachijambula mobwerezabwereza pambali, chifukwa thupi lonse likutembenukira pa chala chimenecho. Padenga anangomuveka diresi ndi kumuluka tsitsi.

Aphunzitsi Mbewe: Ena amati kunali kovuta kupeza mkazi wovula m'nyumba yojambuliramo, n'zoona ndithu, koma wojambula mnzake Raphael anajambulapo akazi enieni zaka zomwezo. Nkhani ndi yakuti kwa ambiri thupi loyezera linali la mwamuna. Cennino Cennini, polemba buku la amisiri cha m'ma 1400, anapereka miyezo ya mwamuna n'kunena kuti ya mkazi aisiya chifukwa alibe muyezo wokhazikika. Pomwepo analembanso kuti mwamuna ali ndi nthiti imodzi yochepa kumanzere.

Mayi Nachisale: Alibe muyezo wokhazikika! Ngati kuti amunawo ali nawo. Abwere adzaone mimba zimene ndimasokera mathalauza.

Chifundo K.: Nthitizo ndi 12 mbali iliyonse, amuna ndi akazi chimodzimodzi. Vesalius anachita kuzilemba poyera chifukwa anthu ankakhulupirirabe.

Bambo Zimba: Nthiti inachotsedwa kwa Adamu yekha, Baibulo silinanene kuti ana ake azibadwa opanda. Zimenezo ndi za Cennini. Koma ndibwerere ku funso la mwanayu limene simunaliyankhe. Ankafunanji ndi munthu amene kulibe? Ngati ankati munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, monga likunenera buku la Genesis, ndiye wolumala, wa linunda, nkhalamba ya zaka 100 ija, onsewo ndi chifaniziro chomwecho. Kusankhapo mnyamata wa zaka 25 n'kumati uyu ndiye, kumeneko ndi kukonza ntchito ya Mlengi.

Aphunzitsi Mbewe: Mwagunda pamutu pa nkhani, ndipo iwo akanakuyankhani kuti inde, tikukonza, koma si Mlengi amene analakwitsa, ndi dothi limene silimvera. Ku Florence kunali Marsilio Ficino, wansembe amene anamasulira mabuku onse a Plato, wafilosofi wakale wa ku Greece, m'Chilatini mothandizidwa ndi banja la Medici. Chiphunzitso chake chinali chakuti kukongola kumene timaona pathupi ndi kuwala kochokera kumwamba, kofika kuno kutazilala, ndipo kukongola kwa munthu mmodzi ndi khwerero lokwerera ku kukongola kosaoneka. Michelangelo anakulira m'nyumba ya Lorenzo de' Medici akumva zimenezi patebulo. Kwa iye thupi lamphamvu la Adamu silinali la munthu wa mumsewu, linali munthu monga anamuganizira Mulungu tchimo lisanalowe.

Panalinso nthano imene onse ankaikonda, ya Zeuxis, wojambula wa ku Greece wakale. Atapemphedwa kujambula mkazi wokongola koposa mumzinda wa Croton, anasankha atsikana asanu n'kutenga kwa aliyense chimene chinali chabwino. Leon Battista Alberti anaibwereza m'buku lake la 1435 lonena za kupenta. Koma Alberti yemweyo ndi amene anati uyambe waika mafupa, kenako minofu, pomaliza uveke khungu, ndipo anadzudzula ojambula za m'mutu osayang'ana chamoyo. Ndiye kwa iye sungasankhe chokongola usanaone anthu ambiri. Mwana amene wangoloweza mitu 8 sanafike n'komwe pa atsikana asanu aja.

Bambo Zimba: Dothi silimvera, koma analiumba ndi Iye yemweyo. Sindinakhutire aphunzitsi. Plato ameneyo anangomuveka mkanjo wa wansembe.

Aphunzitsi Mbewe: Ansembe ena a nthawiyo ankanena zomwezo. Savonarola anawotchetsa zithunzi pabwalo la mzinda wa Florence mu 1497.

Mada wa ku Joni: Chaka chotsatira n'kumuwotcha iyeyo pabwalo lomwelo. A Zimba samalani kkkk

Tiyamike: Mwandisokoneza mokoma. Ndiye mawa ndikakhala pansi ndi pensulo ndichite chiyani? Ndiloweze minofu yonse?

Aphunzitsi Mbewe: Ayi. Antonio del Pollaiuolo ali ndi chithunzi cha amuna 10 ambulanda akumenyana, cha m'ma 1470, mnofu uliwonse uli njo nthawi imodzi, wa wokantha ndi wa wakugwa yemwe. Thupi silitero. Leonardo anawaseka ojambula otere kuti anthu awo amaoneka ngati thumba la mtedza. Mnofu wogwira ntchito ndi umene umatupa, winawo umagona. Iwe yamba ndi kuyeza mutu wa amene wakukhalirayo, dzanja utatambasula, diso limodzi utatsinzina, chala chachikulu papensulo. Werenga kuti ikulowa ingati. Ikakhala 7, jambula 7. Lamulo likuthandize kuona kuti uyu wasiyana pati. Vasari, wolemba mbiri ya ojambula, analemba kuti Michelangelo ankati kampasi ikhale m'maso osati m'manja, ndipo David wake wosema pamwala, wa mamita opitirira 5, ali ndi mutu ndi dzanja lamanja zazikulu kuposa muyezo. Venus, mulungu wamkazi amene anajambula Botticelli, khosi ndi lalitali, phewa lamanzere likuchita ngati laguluka. Palibe anakabweza.

China chimene Leonardo anachenjeza: wojambula aliyense amakonda kudzijambula yekha osadziwa. Wa manja aafupi anthu ake onse amatuluka a manja aafupi. Udziyeze iwe mwini kuti udziwe kumene dzanja lako limakokera.

Chifundo K.: Ndiwonjezere za mafupa. Musayambe ndi mayina, yambani ndi pamene fupa limafika pakhungu, chifukwa pamenepo sipasuntha kaya munthu anenepe kaya aonde: kadzenje ka pansi pa khosi, nsonga za mapewa, chigongono, nsonga ziwiri za m'chiuno kutsogolo, bondo, akakolo. Kakolo wam'kati amakhala m'mwamba kuposa wakunja, gwirani anuwo muone. Munthu akaima ndi mwendo umodzi, chiuno cha mbali imeneyo chimakwera, phewa la mbali yomweyo limatsika, ndipo kadzenje ka pakhosi kamakhala molunjika pamwamba pa chidendene chonyamula thupi. David waima choncho.

Bambo Zimba: Poti mwamutchulanso David ameneyo, ndili ndi funso lakale. Davide anali Mwisraeli, mwana wa Jese. Iyeyo ndi amene ankatcha Goliati Mfilisti wosadulidwa. Nanga chibolibolicho bwanji n'chosadulidwa? Munthu wotumbula mitembo sangati sanaone.

Aphunzitsi Mbewe: Anaona ndithu. Anatsata ziboliboli za Agiriki ndi Aroma, ndipo kumeneko mdulidwe ankauona ngati chilema. Ojambula anzake ankatero ngakhale ndi Yesu wakhanda, pamene tchalitchi chawo chomwecho chinkachita chikondwerero cha mdulidwe wake pa 1 Januwale.

Bambo Zimba: Ndiye asema Mfilisti n'kumupatsa legeni.

Mayi Nachisale: A Zimba, inu amene mumadandaula za maliseche, munayang'anitsitsa bwanji mpaka pamenepo?